Ku Feira, Kumene Malinga Anagwa Koma Mabwato Akali Kuoloka

Munthu wocokera mu Lusaka wofuna kukafika ku Feira amatsata mseu waukulu wa kum'mawa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 230, kupyola Chongwe ndi Rufunsa, kufikira pamene mapiri ayamba kuupanikiza mseuwo ndipo galimoto itsika mokhota-khota kulinga ku ulalo wa Luangwa. Asanakwere pa ulalopo, pamene pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa, apatukira ku dzanja lamanja. Kucokera apo mseu utsata mtsinje wa Luangwa kulinga kumwera, mtunda wosakwana makilomita 90, kupyola midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma ndi ya Mfumu Mphuka, ndi pa mishoni ya Katondwe. Kale mseu umenewu unali wa fumbi ndi miyala, wobvuta m'dzinja. Tsopano uli ndi phula.

Kutentha kumakula pamene ulendo ukupitirira. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja ya mcere, koma pamene Luangwa athira mu Zambezi ndi mamita 329 cabe, ndipo m'Zambia monse mulibe malo ena otsika kuposa amenewa. M'mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimathamangira mthunzi wa mlambe dzuwa lisanafike paliombo. Dziko lace ndi la miyala, minga ndi mitengo ya masau. Mvula imagwa yocepa, ndipo mlimi wanzeru sadalira munda wa kumtunda wokha koma amakhalanso ndi dimba m'mphepete mwa mtsinje.

Pothera pa mseu pali boma la Luangwa. Dzina limeneli linadza dziko litalandira ufulu, koma dzina lakale la Feira likali pakamwa pa anthu, ndipo ngakhale ku Nyumba ya Malamulo dera limeneli limachedwa Feira. Munthu akaima pa doko aona maiko atatu nthawi imodzi. Tsidya la Luangwa, kum'mawa, kuli Zumbo m'dziko la Mozambique, ndi phiri lace kumbuyo. Tsidya la Zambezi, kumwera, kuli dziko la Kanyemba m'Zimbabwe. Tauniyo ndi yaing'ono: maofesi a Boma, msika, masitolo owerengeka ndi mabwato omangidwa pa gombe. Koma ndi malo ocepa m'dziko lino amene anaona eni mphamvu ambiri cotere alikudza ndi kupita. Pano panafika amalonda a ku Goa, ansembe a Cipwitikizi, impi za Angoni, ankhondo a Kanyemba, Mzungu wodzilonga yekha ufumu, Kampani ya Rhodes ndi ndege za Ian Smith. Aliyense anafika ngati wodzakhalitsa.

Msika wobadwa ndi kugonja

Liu lakuti feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Codabwitsa ncakuti msika wa pano unabadwa cifukwa ca kugonja kwa eni ace. M'zaka za m'ma 1600 Apwitikizi anali ndi misika yao pakati pa dziko la Ashona, kumene anali kugula golide, ndipo anali atafooketsa ufumu wa Mwene Mutapa kotero kuti anali kulonga ndi kucotsa mafumu monga afunira. Koma m'caka ca 1693 Changamire Dombo, mfumu ya Arozvi, anaononga msika wao waukulu wa Dambarare, kufupi ndi kumene kuli Harare lero, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anawapitikitsa m'dziko lonse la kumtunda. Changamire sanakane malonda ai. Anakana kuti alendo a mfuti akhale pakati pa anthu ace. Nsaru ndi mikanda zinali zololedwa kulowa, koma eni ace anayenera kukhala kunja.

Motero ca m'ma 1720 wamalonda wina wa ku Goa, dzina lace Francisco Pereira, anakhazikitsa msika pa makumano a mitsinje iwiri, poyamba pa cisumbu ndipo pambuyo pace pamtunda. Ndiwo unadzakhala Zumbo, ndi Feira tsidya lace. Amalonda anali kukhala m'nyumba zao za miyala, natuma anthu akuda, amene Ashona anali kuwacha vashambadzi, kusenza mitolo ya nsaru za ku India ndi mikanda ulendo wa milungu yambiri kupita kwa Changamire. Amenewa ndiwo anali kudziwa njira, zinenero ndi mitengo ya zinthu. Ena anali kukwera kumpoto ndi kumadzulo, kwa Alenje ndi Alamba, kukagula minyanga ya njobvu ndi mkuwa. Pakati pa zaka za m'ma 1700 golide wambiri wofika ku gombe la Mozambique anali kupyola pa Zumbo.

Munthu wochuka koposa wa masiku amenewo anali wansembe wa gulu la Dominiko, Frei Pedro da Trindade, amene anakhala pano zaka zambiri kufikira imfa yace m'zaka za m'ma 1750. Iyeyu anali wansembe, sing'anga ndi wamalonda pamodzi, ndipo anali ndi akapolo mazana-mazana okumba golide. Kwa munthu wa lero zimenezi nzosemphana, koma m'Zambezi wa nthawi imeneyo panalibe wodabwa nazo.

Ulemerero wonsewo unali wobwereka. Zumbo sanali kudzidyetsa yekha, pakuti cakudya cinali kugulidwa ku midzi ya Ansenga. Katundu wocokera ku Tete anayenera kutsitsidwa m'mabwato ndi kusenzedwa pamutu polambalala mathithi a Cahora Bassa, ndipo mfumu iriyonse ya m'njira inali kufuna mtulo wace. Sanali kudzichinjiriza yekha: pamene adani anauzinga, monga mu 1772, anali Changamire wa nthawi imeneyo amene anatuma ankhondo ace kudzaupulumutsa, cifukwa sanafune kuti gwero la nsaru zace litsekeke. Mbendera ya mfumu ya ku Lisbon inali kuuluzika pamwamba, koma makiyi a msikawo anali m'manja mwa ena.

Kugwa kwace sikunadze tsiku limodzi. Golide wa kwa Changamire anayamba kucepa, ndipo njira zinadzala ndi nkhondo za olimbirana ufumu wa Mutapa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800 Mburuma, mfumu ya Ansenga a m'cigwa ca Luangwa, anathira nkhondo Zumbo, amalonda nathawira tsidya lino, nabwereranso, nathawanso. Kuyambira 1823 kufikira 1831 cilala ndi dzombe zinasautsa cigwa conse ca Zambezi. Pofika m'zaka za m'ma 1830 otsala anapakira katundu wao m'mabwato natsikira ku Tete. Msika umene unakhala zaka zoposa 100 unasiyidwira anyani ndi mitengo ya mango imene eni ace anabzala.

M'zaka zomwezo mphamvu yina inatulukira kumwera. M'mwezi wa Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba, atasakaza dziko la Arozvi amene anali kudyetsa Zumbo, anaoloka Zambezi kufupi ndi makumano ano. Tsikulo lidziwika bwino cifukwa kunacitika kadamsana, dzuwa linada masana. Mbiri ya Angoni imati mfumu inakwapula madzi ndipo anagawikana. Odziwa mtsinje amakumbutsa kuti Novembala ndiyo nyengo imene Zambezi anali kuphwa koposa, madamu asanamangidwe. Angoni anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, natenga anyamata kukhala ankhondo ndi atsikana kukhala akazi ao, napitirira kumpoto. Patapita zaka pafupi-fupi 30 Mpezeni anabwerera ku dziko la Ansenga ndi nthungo yomweyo.

Pa nkhondo Ansenga anagonja, palibe wokana. Koma mwana amaphunzira kulankhula ali kumsana kwa mace. Akazi ogwidwa aja analera ana a owagwira m'cinenero cao, ndipo lero Angoni a Mpezeni amalankhula Cinsenga, pamene Cingoni cinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mau otamanda mafumu pa Nc'wala. Palibe mfumu inalamula zimenezi, ndipo palibe nduna inaziletsa. Zinacitikira pa mtondo ndi pa mafuwa.

Bwato limodzi la Mburuma

Pa 14 Januwale 1856 David Livingstone anafika pa makumano ano alikucokera kumadzulo, ndi Akololo oposa 100 amene Sekeletu anampatsa. Anayenda-yenda m'mabwinja napeza zipupa za chalichi, ndi belu losweka lokhala ndi mtanda ndi malemba atatu, I.H.S., liri gone pansi. Ataoloka anaonanso mabwinja a nyumba za miyala za amalonda, zoyang'ana ku mtsinje. Panali patapita zaka 20 zokha cicokere eni ace, koma chire linali litameza zonse.

Usiku umenewo Livingstone anagona ndi mantha. Anthu a Mburuma anali atasonkhana ndi mauta ao, akazi ndi ana atacotsedwa pafupi, ndipo iye anaganiza zooloka mobisika mumdima, koma analeka. M'mawa mwace anabwerekedwa bwato limodzi lokha, ngakhale kuti ena anali pomwepo pa gombe. Katundu anayamba kuoloka, kenaka ng'ombe, kenaka anthu, pang'ono-pang'ono, iye mwini alikusangalatsa amuna a zida aja powaonetsa wochi yace ndi galasi lotentha ndi dzuwa. Anaoloka wotsiriza, ndipo palibe mubvi unaponyedwa.

Olemba ambiri amasimba nkhani imeneyi pofuna kuonetsa kulimba mtima kwa mlendoyo. Koma iri ndi mbali yina imene iyenera kulingaliridwa. Anthu a Mburuma anali atakhala zaka zoposa 100 pafupi ndi Azungu, ndipo anali kudziwa cimene gulu la alendo oposa 100 lingacite. Sanawaphe, pakuti sanalakwe kanthu; sanawakanize njira, pakuti kukaniza njira ndiko kuputa nkhondo. Anangoonetsetsa kuti gululo ligawike pakati, ena tsidya lino ena tsidya lija, kwa tsiku lathunthu, ndi kuti mlendo adziwe mwini doko ndani. Bwato limodzi lija silinali umbombo. Linali lamulo la dziko loperekedwa popanda kukweza mau.

Mphamvu ya anthu a pano inali pamenepa kuyambira kale. Analibe mizinda ya miyala yakuti mdani aizinge, ndipo analibe nkhokwe imodzi yaikulu yakuti aitenthe. Anali ndi mtsinje umene mlendo sangaoloke popanda iwo, zisumbu ndi mabango obisalamo, mapiri a kumbuyo, ndi abale tsidya liri lonse. Mudzi wa mitengo ndi udzu ukapsa umamangidwanso m'mwezi umodzi, pamalo ena. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Nchito ya mwini mudzi inali kukhala ndi moyo kufikira dzuwa litakwera.

Akapolo amene anadzimasula

Mbiri ya mtundu waciwiri wa m'boma lino, Acikunda, ndi yobvuta kuisimba mokondweretsa onse, ndipo ndiyo yofunika kukhalapo nthawi. Acikunda sanayambe monga pfuko la kholo limodzi. Makolo ao anali akapolo pa minda yaikulu ya Apwitikizi, yochedwa prazo, ya ku Tete ndi ku Sena. Anali ocokera m'mitundu yambiri: Acewa, Ansenga, Amang'anja, Asena, Atonga a kunsi kwa Zambezi. Ena anagwidwa pa nkhondo, ena anagulidwa, ena anadzipereka okha m'zaka za njala. Eni minda sanawapatse khasu koma mfuti, kuti akhale asilikari ao, okhometsa msonkho, osaka njobvu ndi opalasa mabwato.

Munthu wocotsedwa kwao alibe mtsibweni, alibe mbumba, alibe manda a makolo. Anthu amenewa anayenera kudzipangira zonsezi. Anapanga cinenero cao pa maziko a Cinyungwe ndi Cisena. Anali kusongola mano ndi kutema mphini zao-zao pankhope kuti adziwane. Ngakhale ambiri anabadwira m'mitundu yotsata kucikazi, anayamba kutsata kucimuna, pakuti cuma ca msilikari, ndico mfuti ndi luso la kusaka, cinali kucokera kwa atate kupita kwa mwana. Dzina limene linali la ukapolo analisandutsa dzina lonyadira.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, pamene zombo za ku Brazil zinali kulipira bwino pa doko la Quelimane, eni minda ambiri anacita umbombo wopusa: anayamba kugulitsa anthu a pa minda yao yomwe, ngakhale asilikari amene anali kuwalonda. Pamodzi ndi cilala cija, cimeneci cinagwetsa minda ya prazo. Acikunda zikwi-zikwi sanadikire lamulo la ku Lisbon lowamasula. Ananyamula mfuti zao nacoka, ena kumka ku Shire, ena kukwera Zambezi kufikira ku Zumbo ndi m'cigwa ca Luangwa, kumene njobvu zinali zambiri. Kumeneko anamanga midzi, nakwatira akazi a m'dzikomo, nakhala mfulu. Ambiri anatha moyo wao wonse monga alenje ndi amalinyero, ogulitsa luso lao kwa amene afuna.

Koma si onse. Apwitikizi atabwerera ku Zumbo mu 1862, mtengo wa minyanga unali utakwera, ndipo panauka anthu amphamvu amene anasonkhanitsa Acikunda ambiri pansi pao. Ochuka anali José do Rosário Andrade, wodziwika ndi dzina lakuti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya. Boma la Apwitikizi, pokhala lopanda asilikari okwanira, linawapatsa maudindo ndi mbendera, ndipo iwo anamanga malinga nacita monga afunira. Ankhondo a Kanyemba anasakaza midzi kukwera Zambezi kufikira kwa Atonga a ku Gwembe, mlenje F. C. Selous, amene anapyola kumeneko mu 1877, anaona ndi maso ace anthu omangidwa m'magoli. A Matakenya analowa m'cigwa ca Luangwa ndi kupitirira. Ana a akapolo anasanduka ogwira akapolo, ndipo ogwidwawo kawiri-kawiri anali a mitundu yomwe agogo ao anacokerako.

Pamenepa pagona cinthu cimene osimba za ufulu sakonda kuchula. Luso limene linamasula Acikunda, ndilo mfuti, bwato ndi kumvera mtsogoleri mmodzi, ndi lomwelo linamanga anansi ao. Mfuti siifunsa kuti waigwira anali yani dzulo. Ndipo mafumu a m'dzikomo nawonso sanali oyera manja onse, pakuti wofuna onga anayenera kulipira ndi minyanga kapena ndi anthu.

M'zaka zimenezo a Mburuma analimbana nawo eni malingawo nthawi yaitali, napambana pena, nagonja pena. Anthu wamba anabwerera ku nzeru zao zakale. Anasamutsira midzi m'mapiri, nalima timinda tobisika m'makwawa, nakhala ndi masau, malambe ndi nsomba pamene nkhokwe zinatenthedwa. Ena anapereka mwana wamkazi ku linga kuti mudzi upeze mtendere, ndipo maukwati otere, owawa pa ciyambi, ndiwo analukanitsa mitundu iwiriyi kotero kuti lero nkobvuta kupeza banja la m'Feira lopanda magazi a mbali zonse ziwiri. Ng'oma yolira sicedwa kung'ambika: ufumu wa Kanyemba ndi Matakenya sunapyole m'badwo umodzi. Njobvu zinatha, malire a atsamunda anatsekereza njira, ndipo Apwitikizi atalimba sanafunenso anthu odzilamulira okha. Dzina la Kanyemba linatsalira pa doko la tsidya lija, ndipo mbumba yace ikali komweko pansi pa Mfumu Chapoto.

Malire a pa pepala

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linaika malire pakati pa mtsinje wa Luangwa, motero Feira ndi Zumbo, amene anali msika umodzi, anakhala m'maiko awiri. Boma la Angerezi lisanafike, Mzungu wina wocokera ku South Africa, John Harrison Clark, anakhala m'mabwinja a Feira, nasonkhanitsa ankhondo a Cinsenga, nayamba kukhometsa msonkho amalonda opyola ndi kuweruza milandu. Anthu anamucha Changa Changa. Kampani ya British South Africa itakhazika boma lace pano kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, siinabvomereze ufumu wacewo, ndipo anafera ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, mu 1927, ali munthu wamba.

Malire amene anaikidwa kuti agawe anthu anasanduka cida m'manja mwao. Msonkho ukakula tsidya lino, banja linali kukacezera abale tsidya lija kufikira wokhometsa atapita. Cibalo ca Apwitikizi cikafika pa mudzi, anyamata anali kugona m'Rhodesia usiku womwewo. Mu 1917, pamene kuukira kwa Barue kunafalikira kufikira ku Zumbo cifukwa ca nchito yokakamiza, Ansenga ndi Acikunda, adani a dzulo, anamenyera mbali imodzi. Ndipo Apwitikizi atakuzima ndi thandizo la ankhondo a Cingoni olipidwa, othawa ambiri anaolokera kuno. Ngakhale ansembe anaphunzira njira yomweyo. Boma latsopano la ku Portugal litapitikitsa Ajezwiti mu 1910, a ku mishoni ya Miruru anaoloka Luangwa nakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe, pakati pa akristu ao omwe.

Kwa kanthawi Feira anakhalanso pa njira yaikulu. Amuna a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland opita ku Halale kukafuna nchito m'migodi ndi m'mapulazi anali kutsika ndi Luangwa naolokera pano, ena osadzabweranso, macona. Ng'ombe zopita ku misika ya kumwera zinali kuolokera pomwepa. Koma mu 1932 ulalo woyamba unamangidwa pa Luangwa kumpoto, pa mseu wa Lusaka, ndipo mu 1939 wina unatsegulidwa pa Zambezi ku Chirundu. Magalimoto anatsata maulalo. Feira sanatenthedwe ndi mdani ulendo uno. Anangolambalalidwa, ndipo kwa msika kulambalalidwa ndi imfa yomweyo.

Ufulu wa 1964 unafika pano pamodzi ndi mabvuto ace, pakuti boma lino linapezeka pakati pa maiko awiri amene anali asanamasuke. Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Angerezi mu 1965, FRELIMO inatsegula nkhondo m'cigawo ca Tete mu 1968, ndipo mu 1973 malire a kumwera anatsekedwa. Omenyera ufulu anafuna cimene Pereira, Livingstone ndi Kanyemba anafuna: munthu wodziwa pooloka. Asodzi a pano anawaolotsa usiku, ndipo midzi inawadyetsa. Mtengo wace unalipidwa pa 6 Marichi 1978, pamene ndege ndi asilikari a Rhodesia anagwera msasa wa ZIPRA pa Kavalamanja, kumadzulo kwa boma m'mbali mwa Zambezi. Anafa omenyera ufulu, asilikari a Zambia ndi anthu a m'midzi. A ku Kavalamanja ndi Kakaro anasiya nyumba zao nakhala zaka m'malo acilendo, ndipo atabwerera anapeza mabomba okwiriridwa m'minda ndi m'njira. Caka ndi caka m'mwezi wa Marichi anthu amasonkhana kumeneko kukumbukira akufawo.

Zimbabwe atamasuka mu 1980 mfuti sizinaleke kulira, cifukwa nkhondo ya RENAMO inafika ku Zumbo, ndipo anthu a tsidya lija anaolokera kuno monga anacitira makolo ao mu 1917. Ena Boma linawatengera ku Ukwimi m'boma la Petauke. Ambiri sanalembedwe m'buku liri lonse, pakuti anafikira kwa asuweni ao. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera ndi mabwato omwewo.

Mtsinje wa makiyi

Mipando iwiri ya ufumu inapyola zonsezi. Ansenga-Luzi a Mfumu Yaikulu Mburuma amacita mwambo wao wa Mbambala, ndipo Acikunda a Mfumu Mphuka amacita wa Dantho, ndipo pa miyambo yonse iwiri pamafika alendo a tsidya la Mozambique ndi la Zimbabwe amene sadziona ngati alendo. Mpando wa Mburuma unalipo pamene Zumbo anali pa ulemerero wace, ndipo ulipo lero pamene miyala ya amalonda aja iri pansi pa udzu.

Cimene casintha ndi mtsinje. Khoma la Kariba linatsekedwa kumapeto kwa 1958, ndipo la Cahora Bassa mu 1974, kotero kuti Zambezi wa pa Feira ali pakati pa madamu awiri. Kale madzi anali kusefukira pa nyengo yace nasiya dothi lacinyontho la madimba, ndipo mlimi anali kudziwa mwezi wobzala poyang'ana mtsinje. Tsopano kukwera ndi kutsika kwa Zambezi kumatsata kufunika kwa magetsi m'mizinda yakutali. Luangwa yekha ndiye akali kudzaza ndi kuphwa mwa kufuna kwace. Kumadzulo, dziko limene anthu anali kuthawirako ndi kusakako linakhala nkhalango yosungira nyama ya Lower Zambezi mu 1983, ndipo njobvu zimene Acikunda anatsala pang'ono kuzitha zabwerera, zikudya m'minda usiku, mwini munda wosaloledwa kuziombera. Eni mphamvu akale anali kufika pa doko ndi kupempha bwato, ndipo anthu anali kuwaona nkhope. A tsopano safika pa doko.

Anyamata ambiri amakwera basi kumka ku Lusaka. Otsala amaluka mphasa za bango, amachola masau m'nyengo yacisanu, amachera maukonde pakati pa mvuu ndi ng'ona. Nyanja ya Cahora Bassa, imene inamiza mathithi aja amene anali kusautsa amalonda a ku Tete, inadzetsa malonda ena: nsomba zambiri zogulitsidwa pa ulalo wa Luangwa ndi m'misika ya mu Lusaka zimacokera kumeneko, kudzera pa Zumbo. M'mawa mabwato amacoka pa doko la Feira atasenza ufa, sopo, mafuta ophikira ndi zakumwa, ndipo amabwerera ndi mitolo ya pende wouma yomangidwa ndi luzi. Pa gombe amai ocokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt amadikira ndi ndalama m'citenje, ena masiku atatu kapena anai, kufikira mtolo wao utakwana. Mtengo umakambidwa m'Cikunda, m'Cinsenga, m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi, ndipo woolotsa amalandira kwacha kapena metical, iri yonse imene wokwera ali nayo.